Ohio State yatenga chikho, koma bala la Michigan lapola?

Bambo a Tadala (Columbus): Mwadzuka bwanji abale. Mawu andithera ndi kukuwa, ndiye ndingolemba. Ohio State 34, Notre Dame 23, mu fainolo ya usiku wathawu, pa 20 January 2025. Chikho cha mpira wa ku America (American football) wa makoleji chabwerera ku Columbus, chomwe tinachiona komaliza mu sizoni ya 2014. Ndikufuna nonse amene munkati kochi wathu Ryan Day achotsedwe ntchito tsiku lija la 30 November titagonja ndi Michigan mubwere pano tikambirane bwinobwino. Ine ndikuti timuyi yachigwirira ntchito chikhochi kuposa timu ina iliyonse imene ndinaionapo, ndipo wotsutsa abwere ndi mfundo.

Nachisale (South Bend): Zabwino zonse alamu. Kuno kwawo kwa Notre Dame kwazizira kawiri, kunja ndi m'mitima momwe. Koma musalankhule ngati munangodutsa. Zitafika 31 kwa 23 munali chete pagulu pano, ndinakuonani.

Yamikani (Zomba): Ine ndinadzuka pakati pausiku kuti ndione chimene mumatisokosera nacho chaka chonse. Unayamba cha m'ma 2:30 kuno. Anthu kuima, kugundana, kuimanso. Koma bwalo lodzadza chonchija ndi masewero a ana asukulu? Wina andifotokozere pang'onopang'ono.

Bambo a Tadala (Columbus): Yami, gwira izi kaye. Timu ikakhala ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina inayi. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo. Kuwoloka mzere wakumapeto uli ndi mpira m'manja ndiye touchdown, mapointi 6, kenako mumamenya pakati pa mitengo kuti muwonjezere imodzi, kapena kuyesa kuwolokanso kuti muwonjezere ziwiri. Kumenya pakati pa mitengo popanda touchdown ndi mapointi 3. Kuima kumene ukunenako ndi pamene makochi akuwerengerana nzeru. Za bwalolo, lathu la Ohio Stadium limalowa anthu oposa 100,000 ndipo limadzadza ngakhale tikusewera ndi katimu kosadziwika.

Mavuto (Detroit): Michigan 13, Ohio State 10. Ndangodutsa.

Bambo a Tadala (Columbus): Ndimadziwa kuti mubwera achimwene. Khalani pansi, musangodutsa.

Mavuto (Detroit): Ndakhala. Ndipo sindikunyoza, ndikufunsa moona mtima. Timu imene inagonja kawiri, sinatenge chikho cha ligi yake ya Big Ten, sinafike n'komwe mu fainolo ya Big Ten, inagonja pakhomo pake ndi Michigan imene inali itapambana masewero 6 n'kugonja 5, lero ikutchedwa akatswiri a dziko lonse. Mu sizoni ya 2023, pamene matimu anali anayi okha mu chipulula, inu mukanakhala kunyumba kuonera pa TV. Michigan itatenga chikho mu sizoni ya 2023 inapambana masewero onse 15. Mwathandizidwa ndi lamulo latsopano la matimu 12, vomerani.

Yamikani (Zomba): Koma Michigan imeneyi n'chiyani kuti kugonja nayo kamodzi kukhale nkhani kuposa chikho?

Nachisale (South Bend): Yami, ganizira Bullets ndi Noma, koma azikumana kamodzi kokha pachaka, sewero lomaliza la sizoni, ndipo akhala akukumana kuyambira 1897. Sabata ya sewerolo anthu a ku Ohio amamata tepi pa chilembo M pazikwangwani za pasukulu. Osewera akagonjetsa Michigan amapatsidwa kathalauza kakang'ono ka golide kovala m'khosi. Ndiye anyamata amene akumaliza chaka chino alibe ngakhale kamodzi, chifukwa agonja 2021, 2022, 2023 ndi 2024.

Bambo a Tadala (Columbus): A Nachisale anena zoona, ndipo sindibisa, tsiku lija linandipweteka. Tinali ndi olandira mpira abwino kuposa timu ina iliyonse, Jeremiah Smith, Emeka Egbuka, Carnell Tate, koma makochi anaumirira kuthamangitsa mpira pakati penipeni pamene Michigan inali ndi zimphona zake. Ankafuna kuonetsa kuti ndife olimba. Woponya mpira wathu (quarterback) Will Howard anaponyera adani mpira kawiri, womenya mpira wathu Jayden Fielding anaphonya kawiri pakati pa mitengo, chigawo chachiwiri chonse sitinapeze pointi ngakhale imodzi. Sewero litatha anyamata a Michigan anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo lathu, ndewu inabuka, apolisi anathira anthu utsi wa tsabola m'maso, ndipo Big Ten inalipiritsa sukulu iliyonse $100,000. Ryan Day anangoima chilili, maso ali gwa, ana asukulu akukuwa kuti achoke.

Koma a Mavuto, lamulo la matimu 12 silinapangidwire Ohio State. Aliyense analidziwa sizoni isanayambe. Lamulolo linangotsegula chitseko. Taonani amene tinawapeza m'katimo: Tennessee, Oregon, Texas, Notre Dame, motsatizana, m'mwezi umodzi. Palibe timu m'mbuyomu imene inafunika kupambana masewero anayi a chipulula kuti itenge chikho. Ndipo onse anayiwo tinawagonjetsa ndi mapointi oposa 10. Inuyo mu 2023 munasewera awiri okha.

Mavuto (Detroit): Awiri okha chifukwa sitinagonje mu sizoni. Amene wagwira bwino ntchito kuyambira September alipidwe. Oregon inapambana masewero onse 13, inatenga Big Ten, inali nambala 1, malipiro ake n'kukumana ndi inu mu kotafainolo. Chilungamo chili pati pamenepo?

Nachisale (South Bend): Apa pokha ndigwirizana ndi a Mavuto. Kasanjidwe kake kanali kolakwika. Matimu anayi amene anapatsidwa mpumulo mu ndime yoyamba, Oregon, Georgia, Boise State ndi Arizona State, onse anagonja sewero lawo loyamba. Ohio State kuikidwa nambala 8 zinali zabodza, aliyense ankadziwa kuti ndi imodzi mwa matimu atatu amphamvu. Oregon inalakwiridwa.

Bambo a Tadala (Columbus): Kasanjidwe akonze, sindikukana. Koma Oregon sinagonje ndi kasanjidwe, inagonja m'bwalo. Kumbukani kuti mu October anatigonjetsa kwawo ku Eugene 32 kwa 31, pointi imodzi, Howard atathamanga n'kudzigwetsa pansi nthawi itatha kale. Pa 1 January ku Rose Bowl, chigawo choyamba chisanathe zinali 34 kwa 0. Woponya mpira wawo Dillon Gabriel, amene mu October sitinamugwetse asanaponye ngakhale kamodzi, anagwetsedwa ka 8. Smith yekha mayadi 187 ndi ma touchdown awiri. Zinathera 41 kwa 21. Ngati unali nambala 1 weniweni sungatsalire ndi mapointi 34 anthu asanakhazikike pamipando.

Tiyamike (Dayton): Moni akuluakulu. Ine ndinali m'bwalo tsiku la Tennessee, pa 21 December. Chimene TV sinakuonetseni bwino ndi kuchuluka kwa malaya a olenji. Masapota ambiri a Ohio State anali atakwiya ndi za Michigan, anagulitsa matikiti awo, ndiye a Tennessee anagula n'kudzadza mbali zina zonse. Osewera awo anatuluka kudzatenthetsa thupi osavala malaya, kuzizira konse kuja, kufuna kutionetsa kuti saopa. Pafupi nane panali bambo wina wa Tennessee ndi mwana wake, ankaimba nyimbo yawo osapuma. Kota yoyamba ikutha zinali 21 kwa 0, bambo uja anangokokera chipewa kumaso, mwana akumufunsa mafunso iye osayankha. Mpira woyamba umene Howard anaponyera Smith patali, ndinamva bwalo lonse likupuma. Anthu anali asanakhulupirire kuti makochi aphunzirapo kanthu.

Bambo a Tadala (Columbus): Ndi zimenezotu mwanangu Tiya. Ndiye mfundo yanga yonse. Timu imene inasewera ndi Michigan ndi imene inasewera ndi Tennessee ndi anthu omwewo, koma maganizo osiyana. Atagonja anakhala pansi osewera ndi kochi wawo, anauzana zoona kumaso. Chip Kelly, kochi woona za kugoletsa, anasiya kuumirira pakati, anayamba kuponyera Smith msangamsanga. Komanso musaiwale kuti mzere wotchinjiriza Howard unali wosokedwasokedwa. Josh Simmons anavulala ku Oregon, Seth McLaughlin anavulala mu November, Donovan Jackson anachotsedwa pamalo pake n'kukaikidwa kumapeto kumanzere kumene sanazolowere. Mzere umenewo ndi umene unapirira masewero anayi aja.

A Phiri (Lilongwe): Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Ine ndinaphunzira ku America kalekale, pamene wosewera akalandira ngakhale chakudya chaulere kwa munthu wakunja sukulu inkalangidwa. Lero ndikumva kuti timu imeneyi osewera ake analandira ndalama pafupifupi $20 miliyoni chaka chimodzi, ndipo ananena ndi mkulu wa zamasewero pasukulupo. Howard anachokera ku Kansas State, Quinshon Judkins ku Ole Miss, Caleb Downs ku Alabama. Tsono ndifunse: chikhochi chapambanidwa kapena chagulidwa? Ndipo anyamatawa m'kalasi amalowamo?

Nachisale (South Bend): Funso labwino bambo. Ngakhale ife woponya mpira wathu Riley Leonard tinamutenga ku Duke, ndiye sindingaloze chala kwambiri.

Bambo a Tadala (Columbus): Bambo Phiri, ndiyankhe mwaulemu. Ndalamazo n'zoona. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo. Ine ndimaona kuti n'chilungamo. Zaka zonsezi ma TV ankalipira mabiliyoni, makochi ankalandira mamiliyoni, mnyamata amene akuthyoka bondo osalandira kanthu. Koma chimene anthu sanena n'chakuti mbali yaikulu ya timuyi si ogulidwa kunja. Ndi anyamata amene anali kale pano ndipo akanatha kupita ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, chaka chatha: Jack Sawyer, JT Tuimoloau, Tyleik Williams, TreVeyon Henderson, Egbuka, Denzel Burke, Lathan Ransom, Donovan Jackson. Anabwerera chifukwa ntchito inali isanathe. Ndalama zinathandiza kuti kubwererako kusakhale kutaya, inde. Koma ndalama zomwezo zinalipo pa 30 November ndipo tinapeza mapointi 10 okha. Texas ndi Oregon nawonso si amphawi.

A Phiri (Lilongwe): Ndamva. Sindikukana kuti alipidwe. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi sukulu zazing'ono zimene zimaphunzitsa mwana zaka ziwiri, akayamba kuwala n'kutengedwa ndi olemera. Pakapita zaka khumi chikho chizizungulira pa sukulu zisanu zokha.

Mavuto (Detroit): Pamenepo bambo mwalasa. Ndipo ifenso a Michigan tayamba kuchita zomwezo, sindinama.

Yamikani (Zomba): Nanga uja amamuonetsa kawirikawiri, nambala 33, ndi ndani? Anthu ankalira pomukumbatira.

Tiyamike (Dayton): Ameneyo ndi Jack Sawyer. Bambo a Tadala fotokozani inu, ine ndikayamba ndilira.

Bambo a Tadala (Columbus): Sawyer ndi mwana wa konkuno, wa ku Pickerington, kunja kwa Columbus pang'ono. Anakula akuchemerera timuyi. Zaka zinayi osagonjetsa Michigan. Tsiku la ndewu lija ndi iye amene analanda mbendera ya Michigan n'kuitaya pansi, akukuwa, misozi ili m'maso. M'sewero lomwelo anali atawakha mpira wa adani pamzere penipeni, koma sizinathandize.

Tsono pa 10 January, semifainolo ndi Texas ku Cotton Bowl, ku Arlington, kwawo kwenikweni kwa Texas. Limeneli ndiye linali sewero lovuta kuposa onse. Texas inamutsekera Smith anthu awiri, nthawi zina atatu, anagwira mpira kamodzi kokha, mayadi 3. Henderson anatipulumutsa chigawo choyamba chili pafupi kutha, analandira kampira kafupi n'kuthamanga mayadi 75. Kota yomaliza zinali 14 kwa 14, kenako Judkins anagoletsa, 21 kwa 14. Texas inabwera mpaka pa yadi imodzi kuchokera pamzere wathu, ili ndi mipata inayi. Yadi imodzi, Yami. Mpata woyamba anathamangira pakati, anatsekedwa. Wachiwiri anayesa kuzungulira kumbali, anabwezedwa mayadi 7. Wachitatu anaponya, sunafike. Wachinayi, woponya mpira wa Texas Quinn Ewers akubwerera m'mbuyo kuti aponye, Sawyer anamuzungulira womutchinga, anamenya dzanja la Ewers, mpira unagwa n'kudumphira m'manja mwa Sawyer yemweyo. Munthu wamkulu thupi chonchija anathamanga mayadi 83, anzake akumuperekeza m'mbali. 28 kwa 14. Ndipo Ewers ameneyo anayambira ku Ohio State mu 2021, ankagona chipinda chimodzi ndi Sawyer asanasamukire ku Texas.

Kunyumba kwanga Tadala anagwetsa mbale ya mbuliwuli pakapeti, amayi ake osakalipa n'komwe, nawonso anali akudumpha.

Mavuto (Detroit): Sewero limenelo ndinaimirira nanenso, ndivomere. Mnyamatayo ndi mwamuna. Koma kathalauza kagolide alibe.

Nachisale (South Bend): Tsono mundilole ndilankhule za anyamata anga, chifukwa nkhani yakhala ya Michigan ngati kuti mu fainolo munasewera ndi iwo. Notre Dame inagonja pakhomo ndi Northern Illinois mu September, 16 kwa 14, anthu anatiseka dziko lonse. Kuchoka pamenepo tinapambana masewero 13 motsatizana. Indiana, Georgia ku Sugar Bowl, Penn State ku Orange Bowl. Ovulala anali mbwee. Usiku wa fainolo ku Atlanta tinayamba ndi mpira, tinausunga pafupifupi mphindi 10, masewero 18, Leonard yekha anathamanga nawo ka 9 mpaka kugoletsa. Atafika kumbali anasanza. Ndinadziwa pomwepo kuti sitingapitirize choncho usiku wonse, munthu mmodzi sangasenze timu pamsana mpaka mapeto.

Chimene chikundiwawa ndi ziwiri. Choyamba, kota yachitatu tinanamizira kuti tikumenya mpira kutali koma n'kuponya, wolandira anaugwetsa. Chachiwiri, zili 31 kwa 15, tili pafupi ndi mzere wanu, kochi wathu Marcus Freeman anasankha kumenya mapointi 3 m'malo moyesa touchdown, ndipo mpira wa Mitch Jeter unagunda mtengo. Ukutsalira ndi 16, mapointi 3 akuthandiza chiyani? Ndimamukonda Freeman, koma pamenepo analakwitsa.

Bambo a Tadala (Columbus): Freeman ndi mwana wathu, anasewera ku Ohio State, ndiye sindingamunenere zoipa. Ndipo mbiri walemba, ndi kochi woyamba wakuda kufikitsa timu mu fainolo imeneyi. Koma alamu, chigawo choyamba munachiona. Howard anaponya mipira 13 yoyamba yonse kufika m'manja. Judkins ma touchdown atatu, komanso kuthamanga kwa mayadi 70 chigawo chachiwiri chitangoyamba. 31 kwa 7.

Nachisale (South Bend): Ndiye Jaden Greathouse anagoletsa kawiri, tinawonjezera ziwiriziwiri kawiri konse, 31 kwa 23. Nenani kuti simunanjenjemere.

Bambo a Tadala (Columbus): Ndinanjenjemera. Ndinaima kuseri kwa mpando. Kwatsala mphindi zosakwana zitatu, mpata wachitatu, tikufunika mayadi 11. Tikalephera, mpira ukubwerera kwa inu ndipo mphepo yonse ili kwanu. Apa ndi pamene ndikunena kuti Michigan inatiphunzitsa. Ryan Day wa November akanathamangitsa mpira pakati, kudya nthawi, n'kupemphera. Wa January anaona kuti mwamusiya Smith ndi munthu mmodzi yekha, analola Howard aponye kutali. Mayadi 56. Mwana wa zaka 19, chaka chake choyamba ku koleji. Kenako Fielding yemwe uja anaphonya kawiri ndi Michigan anamenya mapointi atatu otsekera. Amene ananyozedwa kwambiri mu November, Day, Howard, Fielding, ndi omwewo anamaliza ntchito.

Yamikani (Zomba): Ndiye Smith ameneyo apita ku NFL tsopano?

Tiyamike (Dayton): Sangapite. Lamulo la NFL limafuna kuti papite zaka zitatu chimalizireni sekondale. Tikhala naye masizoni ena awiri, 2025 ndi 2026. Downs nayenso adzakhalapo mu sizoni ya 2025.

A Phiri (Lilongwe): Chinthu chimodzi chimene sindinachikonde, ndinamva kuti atagonja ndi Michigan anthu ena anafika poopseza banja la kochiyo. Zimenezo si kukonda timu. Munthu ali ndi mkazi ndi ana. Amene anachita zimenezo asavale nawo malaya a chikondwerero.

Bambo a Tadala (Columbus): Zoona bambo, ndipo zinatichititsa manyazi tonse okhala kuno. Munthu amene wapambana masewero ochuluka chonchija kumuchita zotero chifukwa cha Loweruka limodzi.

Mavuto (Detroit): Loweruka linayi, achimwene. Kufika sizoni ya 2024, Day ndi Michigan wapambana kamodzi, 2019, wagonja kanayi. Ndikufunseni funso limodzi muyankhe moona. Atakuuzani mu August kuti sankhani: kugonjetsa Michigan koma osatenga chikho, kapena kutenga chikho koma kugonja ndi Michigan. Mukanasankha chiyani?

Bambo a Tadala (Columbus): Chikho. Lero, mawa, ndi mu August momwe. Koma sindikunamizani kuti bala lapola. Ndikamuona Sawyer atanyamula chikho ndimasangalala, ndikakumbuka kuti achoka pasukulupa osakugonjetsani ngakhale kamodzi, pakhosi pamandiuma. Zonse ziwiri zili mumtima umodzi.

Tiyamike (Dayton): Anzanga ambiri obadwira kuno akanasankha Michigan, ndawafunsa. Makamaka achikulire. Amati chikho chimabwera n'kupita koma woyandikana naye nyumba wa Michigan umamuona tsiku lililonse.

Nachisale (South Bend): Inu mukukangana za kathalauza, ife chikho tinachiona komaliza 1988 nthawi ya Lou Holtz. Mundipatse vuto lanulo ndilisenze.

Yamikani (Zomba): Ndiye ine ndiyambe kuchemerera iti? Ndipo ziyambanso liti?

Mavuto (Detroit): Michigan, mphwanga. Sewero lotsatira ndi iwowa lili kwathu ku Ann Arbor kumapeto kwa November 2025.

Bambo a Tadala (Columbus): Usamumvere. Kumapeto kwa August 2025 tikutsegulira ndi Texas yomweyo kuno ku Columbus. Howard, Sawyer, Henderson ndi Egbuka onse achoka, ndiye tiyamba ndi quarterback amene sanayambepo sewero la koleji, mwina Julian Sayin. Udzadzuke udzaone limenelo, ndidzakhala ndikukufotokozera mpata uliwonse pafoni. A Mavuto, tikiti ya ku Ann Arbor mundisungire, ndibwera nditavala zofiira.

Mavuto (Detroit): Bwerani, nsima mudzadya kwathu. Koma galimoto yanu ya nambala ya Ohio mudzaiimike kuseri kwa nyumba.